Valencia, Mzinda Umene Unasamutsa Mtsinje Wake

Mizinda yambiri yakale ya m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean inamangidwa pazitunda ndi m'matanthwe, moti wofuna kuiyendera pa njinga amatha tsiku akukankha. Valencia, mzinda wachitatu pa kukula m'dziko la Spain, ndi wina. Unakhala pachidikha, ndipo kuchokera pakati pake mpaka kugombe palibe chikweza choti n'kutulutsa munthu thukuta. Njira yaikulu ya apanjinga mumzindawu imadutsa m'khwawa la mtsinje wa Turia. Mumapalasa pansi pa milatho yamiyala ya zaka mazanamazana, ya zipilala zosongoka zimene anazimangira kudula mphamvu ya madzi, koma madziwo kulibe. Muli kapinga, migwalangwa, mabwalo a mpira ndi ana osewera. Mtsinje anausamutsa.

Kuti munthu amvetse mmene anthu anafikira potopa ndi mtsinje wawo mpaka kuukumbira njira ina, ayenera kuyambira kutali, pakuti mbiri ya Valencia ndi nkhani ya madzi: wothirira ndani, wodyerera ndani, wokokoledwa ndani, wogamula ndani. Umboni wake uli patalipatali, wina pakhomo la tchalitchi, wina kudoko, wina m'minda ya mpunga. Wapansi sangaumalize tsiku limodzi, wapagalimoto amaupitirira osauona. N'chifukwa chake njinga.

Chilumba cha asilikali, ngalande za Asilamu

Mzindawu anauyambitsa ndi Aroma m'chaka cha 138 Khristu asanabadwe. Mkulu wa boma lawo, Decimus Junius Brutus, anapereka malowa kwa asilikali omaliza nkhondo, ndipo iwo anamanga pamalo okwererapo amene mtsinje wa Turia unkawazinga ngati chilumba, makilomita ochepa kuchokera kunyanja. Anautcha Valentia. Sunakhalitse pamtendere. Mu 75 Khristu asanabadwe, pa nkhondo ya Aroma okhaokha, Pompey anauwononga chifukwa unali kumbali ya mdani wake Sertorius, ndipo unakhala bwinja zaka zambiri usanamangidwenso. Zotsalira zake zili pansi pa bwalo la L'Almoina, kuseri kwa tchalitchi chachikulu. Ofukula zakale anapezapo misewu, nyumba yosambiramo, nkhokwe, ndi mafupa a anthu ophedwa pa nkhondo ya Pompey ija. Malo amenewa muwasunge m'mutu, chifukwa kusankha kwa asilikali aja kunadzaoneka nzeru patapita zaka zoposa 2,000.

Asilamu anafika cha m'ma 714, n'kukhala zaka zoposa 500. Mzinda anautcha Balansiya. Nyumba zawo zambiri zinagwetsedwa, ndipo mzikiti wawo waukulu unali pamene pali tchalitchi chachikulu lero. Chimene chinatsala osagwedezeka ndi ngalande. Anatchinga mtsinje m'malo angapo kumtunda, n'kupatutsa madzi m'ngalande zikuluzikulu zogawikana kukhala zing'onozing'ono mpaka kufika pamunda wa munthu aliyense. Chidikha chouma chinasanduka madimba osatha, amene eni ake amawatcha Horta. M'nthawi imeneyi ndi mmene mpunga, nzimbe, malalanje ndi mabulosi odyetsa mbozi za silika zinazika mizu m'derali.

Mzinda wa madimba otere sukanalephera kulimbiranidwa. Rodrigo Díaz de Vivar, wodziwika ndi dzina loti El Cid, anaulanda mu 1094 ndipo anafera momwemo mu 1099. Mkazi wake Jimena anaugwirizira mpaka 1102, pamene anagonja kwa Aalmoravid, ankhondo ochokera ku Morocco ndi m'chipululu cha Sahara. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, Valencia unkamvera mafumu okhala ku Marrakesh, mu Africa. Kenako kunabwera Mfumu Jaume I ya ku Aragon, imene inalowa mumzindawu pa 9 Okutobala 1238, tsiku limene anthu a m'chigawochi amalisungabe ngati lawo. Mfumuyi inagawira anthu ake nyumba ndi minda ya ogonja, mzikiti n'kuusandutsa tchalitchi. Koma itafika pa madzi inabweza dzanja. Inalamula kuti ngalande zikhale m'manja mwa alimi othirira, ndipo azizigwiritsa ntchito monga zinkachitikira m'nthawi ya Asilamu.

Bwalo la Lachinayi

Ngati mungathe kusankha tsiku loyendera Valencia, sankhani Lachinayi, ndipo 12 koloko masana ikupezeni mutakhoma njinga pafupi ndi bwalo la Plaza de la Virgen. Belu la pa nsanja ya Micalet likagunda, pakhomo limodzi la tchalitchi chachikulu, lotchedwa Khomo la Atumwi, pamakhala bwalo la milandu. Amaika mipando mokhota n'kutchinga ndi kampanda kachitsulo. Pamipandopo pamakhala alimi 8 ovala malaya akuda, aliyense woimira ngalande yake: Quart, Benàger i Faitanar, Mislata, Favara ndi Rovella tsidya lina la mtsinje, Tormos, Mestalla ndi Rascanya tsidya linalo. Sanaphunzire zamalamulo. Choyenereza munthu pampando umenewo n'chakuti akhale ndi munda wothiriridwa ndi ngalandeyo, aziulima yekha, ndipo asankhidwe ndi alimi anzake.

Kapitawo wa bwalo, atanyamula ndodo yangowe, amaitana ngalande imodziimodzi, kufunsa ngati pali woimbidwa mlandu. Milandu yake ndi ya kumunda: wina watsegula madzi isanakwane nthawi yake, wina wagumula mlambala wa ngalande, wina wamiza mbewu za mnzake, wina sanalambule gawo lake. Mlonda wa ngalande amanena zimene anaona, woimbidwa mlandu amadziyankhira yekha m'chinenero cha ku Valencia. Palibe loya, palibe mulu wa mapepala. Woimira ngalande imene yapalamula sagamula nawo, ndipo amene amatsogolera chigamulo ndi a tsidya lina la mtsinje, kuti chibale ndi chinansi zisalowerere. Chigamulo chimaperekedwa pomwepo, pakamwa, ndipo palibe apilo. Amene anakhalapo pabwalo la mfumu kumudzi sangasochere pano: mlandu umakambidwa poyera, oweruza amadziwa munda umene ukunenedwa, ndipo manyazi oitanidwa pagulu amaluma kuposa chindapusa.

Pansi pa mwambowu pali mfundo ziwiri zimene zasunga mtendere m'madimba. Yoyamba n'njakuti madzi ndi a munda, osati a munthu. Wogulitsa munda wagulitsa ndi madzi ake, ndipo palibe angagule madzi okha n'kusiya anzake pouma. Yachiwiri n'njakuti mtsinje saugawa poyeza kuchuluka kwake ayi, koma m'magawo 138, ngalande iliyonse ndi magawo ake. Madzi akachuluka, onse achulukirwa. Kukagwa chilala, onse achepekedwa mofanana.

Eni ake amati bwaloli linayamba cha m'ma 960, m'nthawi ya mafumu a Chisilamu a ku Córdoba, ndipo amati limakhala panja pa khomo chifukwa alimi osabatizidwa sankaloledwa kulowa m'tchalitchi. Akatswiri a mbiri amatsutsana za chakacho. Chosatsutsika n'chakuti malamulo a dziko la Spain amalivomereza mpaka lero, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa mu 2009. Masiku ano Lachinayi lambiri limadutsa popanda mlandu, bwalo n'kutha m'mphindi zochepa. Minda yachepa chifukwa cha nyumba, komanso alimi ambiri amagwirizana asanafike pakhomopo.

Kutsata linga limene kulibe

Mu 2017 khonsolo ya mzinda inatsegula njira ya njinga yozungulira mzinda wakale, ya makilomita osakwana 5. Woyenda panjirayi akutsata mzere wa linga limene linayamba kumangidwa mu 1356, pa ulamuliro wa Mfumu Pere IV. Lingalo anayamba kuligwetsa mu 1865, ati kuti mzinda upume mpweya wabwino ndiponso kuti osowa ntchito apeze ganyu. Zipata ziwiri zikuluzikulu zinapulumuka chifukwa panthawiyo zinali ndende.

Chipata cha Serranos chimayang'ana mtsinje. Anachimanga Pere Balaguer kuyambira 1392 mpaka 1398, ndipo chinakhala ndende kuyambira 1586 mpaka 1887. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1936 mpaka 1939, boma linachoka ku Madrid kubwera ku Valencia kwa pafupifupi chaka, ndipo zithunzi zamtengo wapatali za ku nyumba yosungira zithunzi ya Prado anazibisa m'nsanja zimenezi poopa mabomba. Chipata cha Quart chili kumadzulo, ndipo makoma ake ali ndi zipsera za mizinga ya asilikali a ku France amene analephera kulowa mu 1808. Pokonzanso nsanjazo, maenjewo anawasiya dala.

Mkati mwa mzerewu misewu ndi yopapatiza, yoyalidwa miyala, ndipo njinga imafuna ulemu: kupalasa pang'onopang'ono, kutsika pakachuluka anthu. Pakati pake pali Lonja de la Seda, nyumba ya amalonda imene Pere Compte anayamba kumanga mu 1482. Denga lake lagona pa zipilala zopotana zimene zimayanga nthambi pamwamba. Kuzungulira khoma kuli mawu a Chilatini olangiza wamalonda kuti asanamize mnzake ndipo asachite katapira. Zaka za m'ma 1400 zinali za ulemerero wa Valencia. Mzindawu unali ndi bwalo loweruza milandu ya panyanja kuyambira 1283, banki yake kuyambira 1407, ndi yunivesite kuyambira 1499. Buku la Joanot Martorell lotchedwa Tirant lo Blanch linasindikizidwa kuno mu 1490. Apapa awiri a banja la Borja, Callixtus III ndi Alexander VI, onse anayamba akhala mabishopu a Valencia.

Chuma chimenechi chinali ndi mthunzi wake. Mu 1391 khamu la anthu linaukira dera la Ayuda, n'kupha ena, ena n'kuwabatiza mokakamiza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, Valencia unali umodzi mwa misika yaikulu ya akapolo m'derali, ndipo pakati pa ogulitsidwa panali anthu akuda ochokera kumadzulo kwa Africa, obwera nawo amalonda a ku Portugal. Ena mwa iwo atamasuka anakhazikitsa chigwirizano chawo cha mumpingo chothandizirana pa matenda ndi pa maliro.

Bala lalikulu linadza mu 1609. Zidzukulu za Asilamu aja, amene anali atabatizidwa mokakamiza n'kumatchedwa Amorisco, ndiwo ankalima minda yambiri ya eni malo. Mu Seputembala chaka chimenecho kunalengezedwa lamulo la Mfumu Felipe III lowapatsa masiku atatu kuti anyamule zimene angathe n'kupita kumadoko. Kuthamangitsa Amorisco m'dziko lonse la Spain kunayambira kuno. Ufumu wa Valencia unataya pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo ambiri anakatsitsidwa kumagombe a kumpoto kwa Africa. Midzi inasanduka mabwinja, ndipo eni malo amene anasangalala poyamba anapeza kuti alibe wolima. Ngalande zinapitiriza kuyenda, koma ana a amene anazikumba anali atachoka.

Mzinda unadzukanso ndi silika. M'dera la Velluters munkalira makina oombera nsalu nyumba ndi nyumba, ndipo chidikha chinadzaza mitengo ya mabulosi. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 matenda anagwira mbozi za silika, malonda n'kugwa. Alimi anazula mabulosi n'kubzala malalanje, ndipo malalanjewo, otumizidwa pa sitima za pamadzi ku Britain ndi maiko ena, ndiwo analemeretsanso mzinda. Mukadutsa pa siteshoni ya sitima ya Estación del Norte, yotsegulidwa mu 1917, kwezani maso: khoma lake lakongoletsedwa ndi malalanje oumba. Msika waukulu wa Mercado Central, womalizidwa mu 1928 moyang'anizana ndi Lonja, ndi mwana wa nthawi yomweyo.

Okutobala 1957

Mtsinje wa Turia unali wodyetsa, komanso wolusa. Miyezi yambiri unkangokhala kamtsinje kowonda pakati pa khwawa lalikulu, moti osauka ankamanga zisakasa momwemo. Koma nyengo ya Seputembala ndi Okutobala, mpweya wozizira wam'mwamba ukakumana ndi chinyontho chofunda cha m'nyanja, mvula ya miyezi ingapo imagwa tsiku limodzi m'mapiri a kumtunda. Mabuku a mzindawu ali ndi mndandanda wautali wa zigumula. Cha mu 1517 chinagwetsa milatho ingapo, ndipo mlatho wa Serranos umene ulipo lero unamangidwa pambuyo pake. Mlatho wa Trinidad, wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndiwo wakale pa yonse.

Pa 14 Okutobala 1957 madzi anabwera kawiri, koyamba usiku anthu ali m'tulo, kachiwiri masana, mwamphamvu kuposa poyamba. Anasefukira m'misewu, m'masitolo, m'zipatala, mpaka kumadera a asodzi kugombe. Boma linawerenga anthu 81 omwalira, koma anthu ambiri a mumzindamo amati anali oposa pamenepo. Pamakoma ena pali zizindikiro zosonyeza pamene madzi analekezera, zina pamwamba pa mutu wa munthu. Matope anatenga masabata ambiri kuchotsa, asilikali akuthandizana ndi anthu wamba. Dera lozungulira tchalitchi chachikulu, paja pamene asilikali a Chiroma anamanga, linakhala louma.

Boma la Francisco Franco linagamula kuti mtsinje uchoke mumzinda. Pa ntchito yotchedwa Plan Sur anakumba khwawa latsopano la makilomita pafupifupi 12, lodutsa kummwera kwa mzinda mpaka kunyanja. Ntchito inayamba mu 1965 n'kutha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu a ku Valencia analipira nawo m'njira imene okalamba amaikumbukirabe: kalata iliyonse yotumizidwa kuchokera mumzindamo inkafunika sitampa yowonjezera ya masentimo 25, kwa zaka zambiri. Mtengo wina analipira ndi alimi a kummwera. Khwawa latsopano linadya madimba awo, n'kusiya midzi ngati La Torre, Castellar ndi Pinedo tsidya lina, yolekanitsidwa ndi mzinda umene inali mbali yake.

Tsono panatsala funso: khwawa lakale achite nalo chiyani? Akuluakulu a boma anali atajambula kale msewu waukulu wa magalimoto wodutsa momwemo, wolumikiza doko ndi njira ya ku Madrid. Zinali zaka zomaliza za Franco, pamene kutsutsa boma kunali kuika moyo pachiswe. Komabe magulu a anthu okhala m'madera, akatswiri omanga ndi atolankhani anayamba kunena poyera kuti khwawalo ndi lawo ndipo akulifuna lobiriwira. Mawuwo anafalikira pamakoma ndi m'manyuzipepala. Franco anamwalira mu 1975. Chaka chotsatira Mfumu Juan Carlos inapereka malowo kwa mzinda, ndipo mu 1986 munda wa Turia unatsegulidwa.

Lero ndi makilomita pafupifupi 9 opanda galimoto. Mukayambira kumtunda, ku Parque de Cabecera, mumatsika pang'onopang'ono kudutsa pansi pa milatho ya Serranos ndi Trinidad, pa holo ya nyimbo ya Palau de la Música ya mu 1987, pa chidole chachikulu cha Gulliver chogona chagada chimene ana amakwerapo n'kumatsetsereka. Kumunsi kuli nyumba zoyera za Ciudad de las Artes y las Ciencias, zimene zambiri anajambula ndi Santiago Calatrava, mwana wa mumzindamo. Yoyamba inatsegulidwa mu 1998. Alendo amazikonda, koma eni mzinda amakumbukiranso kuti zinadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa zimene zinalengezedwa. M'mawa khwawali limadzaza anthu opita kuntchito pa njinga zawo ndi pa njinga zobwereka za Valenbisi, zimene zinayamba mu 2010.

Kugombe, kwa asodzi

Valencia wakale sanali pagombe penipeni. Doko, lotchedwa Grao, linali mudzi wapadera, ndipo kumpoto kwake kunali midzi ya asodzi imene lero imadziwika kuti El Cabanyal. Inali ndi khonsolo yakeyake mpaka 1897. Misewu yake ndi yowongoka, yotsata gombe. Poyamba nyumba zinali zofolera ndi udzu, ndipo moto unkazipsereza kawirikawiri. Pomanganso, asodzi anasunga mapoloti opapatiza omwewo, koma makoma akutsogolo anawamata matailosi obiriwira, abuluu ndi oyera, aliyense monga kunamukomera. Kunalibe doko la mabwato awo, choncho ng'ombe zapagoli ndizo zinkalowa m'mafunde kukakoka mabwato kuwatulutsira pamchenga. Wojambula Joaquín Sorolla, wobadwira ku Valencia mu 1863, anatchuka ndi zithunzi za ng'ombe zimenezi ndi za ana osambira pagombeli.

Mu 1998 khonsolo, motsogozedwa ndi meya Rita Barberá, inavomereza zotalikitsa msewu waukulu wa Blasco Ibáñez kuti ukafike kunyanja, kudula El Cabanyal pakati ndi kugwetsa nyumba zoposa 1,600. Eni dera anapanga gulu lotchedwa Salvem el Cabanyal. Anapita kumakhoti, anachita zionetsero, ndipo chaka ndi chaka ankatsegula nyumba zawo kuti anthu alowe, aone zojambula ndi mmene akukhalira. Nkhondoyi inatenga zaka 17. Nyumba zina zinagwetsedwa ndithu, ndipo mabala ake akuonekabe ngati mapoloti opanda kanthu. Mu 2015 kunalowa khonsolo ina, meya wake Joan Ribó, amene ankapita ku ofesi pa njinga, ndipo pulaniyo inathetsedwa. Vuto la lero ndi lina: dera limene linapulumuka kwa ogwetsa layamba kukoma m'maso mwa alendo, lendi yakwera, ndipo ana a asodzi ena sakukwanitsanso kukhala kwawo.

Doko lenilenilo ndi limodzi mwa otanganidwa kwambiri pa nyanja ya Mediterranean. Pafupi pake padakali nyumba zakale zokhomera zombo, za m'zaka za m'ma 1300. Pano ndi pamene Amorisco ambiri anakwezedwa m'zombo mu 1609. Panonso, mu Juni 2018, ndi pamene anatsikira anthu oposa 600, ambiri a ku Africa, opulumutsidwa panyanja ndi sitima ya Aquarius, maiko a Italy ndi Malta atawakaniza madoko awo.

Kummwera, kwa mpunga

Kuchokera kudoko njira ya njinga imawoloka khwawa latsopano la Turia, kudutsa Pinedo, n'kulowa m'nkhalango ya paini ya El Saler, pa kamtunda ka mchenga kolekanitsa nyanja yamchere ndi nyanja yaing'ono ya Albufera. Nkhalangoyinso inatsala pang'ono kutha. Boma la Franco linayamba kuigawa mapoloti a mahotela, ndipo anthu anaikanira m'zaka zomwe ankakanira khwawa la Turia. Nyumba zosanja zochepa zimene zinamangidwa zisanaletsedwe zaimabe pakati pa mitengo. Derali linakhala malo otetezedwa mu 1986.

Albufera inali yaikulu kuposa lero. Alimi anaichepetsa okha, ponyamula dothi pa mabwato n'kumakwirira m'mphepete kuti apeze minda ya mpunga. Vicente Blasco Ibáñez analemba za moyo umenewu m'buku lake la mu 1902, Cañas y barro. Mpunga unabwera ndi malungo, moti mafumu akale ankaletsa kuulima pafupi ndi mzinda, alimi n'kumabwereranso chifukwa njala inkaopsa kuposa kutentha thupi. Dziko la Spain linalengezedwa kuti lathana ndi malungo mu 1964. Chakudya chotchuka cha paella chinabadwira m'minda imeneyi ngati chakudya cha olima: mpunga, nkhuku, kalulu, zitheba, nyemba zikuluzikulu, nthawi zina nkhono, zophikidwa pankhuni m'chiwaya chachikulu chosaya.

Pamudzi wa El Palmar asodzi ali ndi chigwirizano chimene chinayamba m'zaka za m'ma 1200. Malo otchera nsomba amagawana mwa maere chaka chilichonse mu Julayi, kuti malo abwino asakhale a banja limodzi mpaka kalekale. Ufulu wosodza unkapita kwa ana aamuna okha, kufikira pamene amayi a m'mudzimo anakasuma kukhoti m'zaka za m'ma 1990 n'kupambana.

Tsidya lina la khwawa latsopano

Pa 29 Okutobala 2024 mvula ija inabweranso. Ku Chiva, ku Turís ndi ku Utiel, kumtunda, malo ena analandira mvula ya chaka chonse m'maola ochepa. Khwawa latsopano la Turia linadzaza koma linapirira, ndipo mzinda wakale sunanyowe. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Kummwera kuli khwawa lina, la Poyo, limene limakhala louma pafupifupi chaka chonse, ndipo matauni anali atakula mothinana m'mbali mwake: Paiporta, Picanya, Catarroja, Massanassa, Alfafar, Benetússer, Sedaví. Ambiri okhala kumeneko ndi mabanja a antchito amene anabwera kudzafuna ntchito kuchokera m'zigawo zina za Spain, ndipo pambuyo pake kuchokera ku Latin America, ku Morocco ndi kwina. Ku Paiporta tsikulo kunalibe mvula yoti n'kuopsa munthu. Madzi anafika madzulo, anthu ali m'misewu, m'masitolo ndi m'magalaja apansi pofuna kupulumutsa magalimoto awo. Uthenga wochenjeza unalowa m'mafoni nthawi itangopitirira 8 koloko usiku, ambiri atakokoledwa kale. Anthu oposa 220 anamwalira m'chigawo cha Valencia.

Masiku otsatira misewu inali yotsekeka ndi magalimoto osanjikizana, njanji zitawonongeka. Chimene chinatsala ndi miyendo ndi njinga. Anthu zikwizikwi, ambiri achinyamata, ankawoloka kamlatho ka apansi ndi apanjinga kolowera ku La Torre atanyamula matsache, mafosholo, ndowa ndi madzi akumwa. Kamlathoko tsopano kamatchedwa Pont de la Solidaritat. Mkwiyo nawo unali waukulu. Mapulani okonza khwawa la Poyo anali atagona m'maofesi kwa zaka zambiri. Khoti la ku Catarroja linatsegula kafukufuku wa mmene chenjezo linachedwera, ndipo mtsogoleri wa boma la chigawochi, Carlos Mazón, anatula pansi udindo patapita chaka.

Anthu a ku Valencia ali ndi chifukwa chonyadira. Khwawa lobiriwira, nkhalango ya El Saler ndi nyumba za El Cabanyal zilipo chifukwa anthu wamba anakana zimene akuluakulu anali atasaina kale, ndipo bwalo la alimi laona mafumu ambiri akubwera ndi kupita. Koma chitetezo chimene mzinda unadzigulira pambuyo pa 1957 chinathera pamlambala wa khwawa latsopano, ndipo amene anamanga kuseri kwake anatsala pambalambanda. Kuchokera pa Khomo la Atumwi kukafika ku Paiporta pa njinga sipakwana ola. Mlendo amene watembenukira pa nyumba zoyera za Calatrava wamva mbali imodzi yokha. Awoloke kamlatho kaja, akaone mzere wa matope pamakoma, akagule buledi m'sitolo imene yatsegulidwanso, akamve kwa eni ake zimene akufuna kuti boma lichite mvula ya Okutobala isanabwerenso.